Chaka chimene ndinaphunzira kulumikiza makompyuta mu Kanyama

Makina anga osokera ankakhala pakhonde la kafe yathu ya intaneti mu Kanyama, pansi pa lata lomwe amuna anga anakhoma kuti dzuwa lisamandiwotche. M'katimo munali mwawo. Munali makompyuta akale ondandalikidwa kukhoma, makina osindikizira mapepala, ndi kashelefu kam'mwamba komwe panali mabokosi awiri othwanima timagetsi tobiriwira. Anthu ankabwera kudzalemba makalata ofunsira ntchito, ena kudzatumiza mapepala pa intaneti. Ine ndinkasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a zitenje, ndipo m'katimo ndinkangolowamo posesa ndi kupukuta fumbi.

Amuna anga anakulira ku Kopala, kumigodi. Ntchito ya makompyuta anaiphunzirira pa fakitale ina ku Indasitiriyo, ndipo fakitaleyo itachepetsa anthu, anatsegula kafeyi. Ine ndine mwana wa telala wa mu Chawama, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Bambo anga sanakondwe nditakwatiwa ndi Mkhristu, apongozi anga aakazi nawonso sanakondwe ndi ine, koma mwana wathu wamkazi atabadwa mbali zonse ziwiri zinangokhala chete. Tinkakhala bwino. Amuna anga anali munthu wokonda kufotokoza. Akayamba kukamba za mabokosi awo aja pa nthawi ya chakudya, ndiwo zinkazizira m'mbale. Ine ndinkangovomera ndi mutu, maganizo ali pa msoko wa mawa.

Anali atakokanso nthambo kudutsa pamadenga kupita kwa anansi: ku kasukulu kena ka ana ang'onoang'ono kuseri kwa msika, ndi ku sitolo ya mankhwala patsidya pa ngalande. Onsewo ankapeza intaneti kudzera kwa ife. Nthambozo ankazikonza okha. Ankadula, kusenda khungu, kuyala timawaya tam'kati motsatira mitundu yake, kenako kutilowetsa m'kamutu ka pulasitiki ndi kufinya ndi pulayala. Ankachita zimenezi uku akucheza ndi munthu, osayang'ana n'komwe bwinobwino.

Chimene ndinayamba kuona chinali chakuti ntchito yaing'onoyi anayamba kukaigwirira pakhomo, powala. Ankabweretsa nthambo pafupi ndi mphuno, kuitalikitsa, kuibweretsanso. Tsiku lina anandifunsa ngati akuseka.

"Amake mwana, aka kawaya ni ka girini olo ka bulauni?"

"Ka girini. Simuona?"

"Nthambo za masiku ano ni za feki. Makala yake siyaoneka."

Ndinaseka nawo, poti ine mitundu ya timawayato ndinkaiona bwinobwino. Nthawi yomweyo anali akumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo malamba a mathalauza awo ndinali nditawaboola kale mabowo atsopano. Ndinawauza kuti apite ku kiliniki, iwo anati ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Nthambo zomwe ankakonza zinayamba kukana. A ku sitolo ya mankhwala anabwera kudzadandaula kuti intaneti ikungoduka, amuna anga n'kunyoza amene anawagulitsa nthambo ku tauni. Ine sindinalumikize zinthu ziwirizi m'mutu mwanga.

Zinaululika pa tsiku loipa. Kunali kutalengezedwa ntchito zambiri zofunsira pa intaneti, ndipo tsikulo linali lomaliza. Kafe inadzaza kuyambira m'mawa. Achinyamata anafola mpaka pakhonde langa, atanyamula maenvulopu a khaki, ena atachokera ku Chibolya, ena ku George. Mwamwayi magetsi analipo. Chakumasana wina anakola nthambo ndi phazi, ndipo amuna anga anapita kushelefu kuja kukakonza. Anapapasa, anapeza mutu wa nthambo ukulendewera, n'kuulowetsa m'bowo la bokosi lalitali lija, lomwe ankalitcha swichi.

Posakhalitsa makompyuta onse anaima. Mtsikana wina amene anali atatsala pang'ono kutumiza mapepala ake anafuula. Ena anayamba kumenya matebulo.

"Ba bosi, netiweki yayenda!"

Amuna anga anazimitsa bokosi linalo, lija la tinyanga lotchedwa rauta, n'kuliyatsanso. Palibe chinasintha. Anaimbira foni kampani yomwe inkatipatsa intaneti, kumeneko anati kwawo zonse zili bwino. Anakhala pa kompyuta yawo, nkhope pafupifupi kugunda galasi, akulemba ndi kufufuta. Thukuta linkatsika m'khosi. Anthu anayamba kutuluka akutukwana, kuthamangira mabasi a ku tauni kukafuna kafe ina. Kenako anandiitana, osati mofuula ngati masiku onse, koma ndi mawu apansi.

"Amake mwana, bwelani. Imililani apa pafupi na ine."

Ndinasiya nsalu pamakina n'kulowa.

"Yang'anani pa swichi. Tumalaiti tuchita bwanji?"

"Tuthwanima."

"Kamodzi-kamodzi, olo tonse pamodzi?"

"Tonse pamodzi. Mofulumira kwambiri, ngati tapenga."

Anapuma mpweya wautali. "Pali nthambo yamene yachoka pa swichi na kubwelela pa swichi pamene apo. Gwilani nthambo iliyonse na kwanja, muikonke mpaka kwamene yathela." Ndiyeno anawonjezera, mondinong'oneza, maso ali kukhoma: "Ine siniona. Tumalaiti siniona."

Ndinatsatira nthambozo ndi dzanja imodziimodzi. Ya buluu ina inachoka pa bowo lakumanzere, kutsikira kuseri kwa tebulo, kuzungulira mwendo wa mpando, n'kukweranso kukalowa pa bowo lakumanja la bokosi lomwelo. Ndinaizula. Timagetsi tinakhazikika, kalikonse n'kumathwanima pa nthawi yake, ndipo makompyuta anadzuka. Amene anatsala anathamangira pamipando. Koma ambiri anali atapita, ndipo mtsikana uja anapeza zonse zomwe analemba zitafufutika. Anayambiranso akulira. Sindidziwa ngati anamaliza nthawi isanakwane, chifukwa ine ndinali nditatulutsa amuna anga kuseri kwa nyumba, komwe anakhala pa njerwa ataphimba nkhope ndi manja.

Kuseriko ndi komwe anandifotokozera, ngati kuti kufotokoza kukanachepetsa manyazi. Anati kompyuta ikafuna inzake imafunsa mofuula kuti mwini adiresi yakuti ndani, ndipo swichi imabwereza funsolo pa mabowo ake onse. Nthambo ikachoka pa swichi n'kubwereranso pomwepo, funso limabwerera, swichi n'kulibwerezanso, n'kubwereranso, mpaka m'nthambo monse mumadzaza funso limodzi lomwelo ndipo china chilichonse chimasowa podutsa. Anati ndi cholakwa cha munthu wongoyamba kumene. Ine ndinawafunsa kuti maso anayamba liti. Anati chaka chatha.

Ku kiliniki anapeza matenda a shuga, ndipo anati anakhala nawo nthawi yaitali. Anatitumiza ku chipatala cha maso. Dokotala wa kumeneko, mayi wolankhula mofatsa, anati timitsempha ta kuseri kwa maso tawonongeka. Diso lakumanzere linali litapita. Lakumanja anati likhoza kukhalako ngati atamamwa mankhwala, kubaya jakisoni ndi kusamala zakudya. Tinabwerera pa basi. Titafika pa ngalande ya pafupi ndi kwathu amuna anga anati, "Mailo muyamba kuphunzila."

Sanandifunse ngati ndikufuna kuyamba mawa lakelo. Makina anga osokera anakankhidwira pakona, ndipo makasitomala anga anayamba kupita kwa telala wina.

Tinayambira pa nthambo. M'kati mwake muli timawaya tisanu ndi titatu topotana tiwiritiwiri, ndipo tili ndi dongosolo lake polowa m'kamutu: koyera ka mizere ya olenji, ka olenji, koyera ka mizere yobiriwira, ka buluu, koyera ka mizere ya buluu, kobiriwira, koyera ka mizere ya bulauni, ka bulauni. Ankandinenetsa mokweza ngati mwana wa giredi wani. Zala zanga zinazolowera ulusi, choncho kuyala timawaya sikunandivute. Chinandivuta chinali chosaoneka ndi maso.

Anandiphunzitsa kuti swichi imangolumikiza makompyuta a m'nyumba imodzi, pamene rauta ndiyo khomo lotulukira kunja, ku manetiweki a anthu ena. Anati kompyuta iliyonse ili ndi adiresi yake, manambala a magulu anayi olekanitsidwa ndi timadontho, ndipo kompyuta ikangoyaka imapempha adiresi, rauta n'kuibwereka imodzi. Anati dzina la tsamba lomwe munthu amalemba pa intaneti si limene makina amatsatira. Pali makompyuta ena kutali omwe ntchito yawo ndi kusandutsa dzina kukhala manambala, ndipo amenewo akapanda kuyankha, munthu amaona ngati intaneti yafa pomwe njira ili bwinobwino. Anati chithunzi kapena kalata siyenda yathunthu. Imadulidwa tizidutswa totchedwa mapaketi, kalikonse ndi nambala yake ndi adiresi ya komwe kakupita, ndipo wolandira amayankha kuti ndalandira. Kachidutswa kakasowa, wotumiza amakatumizanso.

"Nanga makina a ku China ndi a kuno amamvana bwanji?" ndinafunsa tsiku lina.

"Pali malamulo yamene bonse banagwilizana. Ndani ayamba kukamba, ayankha bwanji, ngati sanamve achita chani. Ndiye maprotoko. Makina yamene siyakonka malamulo, yanzake siyayamvela."

Zimenezi ndikuzilemba mosavuta lero, koma nthawi imeneyo zinkalowa khutu ili n'kutulukira linali. Ndipo mphunzitsi wanga sanalinso munthu uja wofotokoza mosangalala ndiwo zikuzizira. Anali waukali. Ndikawerenga manambala pagalasi n'kudumpha kadontho, ankamenya tebulo. Ndikafunsa kawiri, ankati ndikuchita dala. Tsiku lina makina osindikizira anayamba kugwira ntchito modukizaduka, ndipo kompyuta ya pakona nayo inkangotaya intaneti. Tinavutika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anandiuza kuti ndiwerenge adiresi ya chilichonse, ndipo zinapezeka kuti ziwirizo zinali ndi adiresi imodzi. Mapaketi ankasokonezeka kuti apite kwa ndani. Ndinali ine amene ndinalemba adiresiyo dzulo lake, koma manambalawo anandiuza ndi iwo. Tinakangana pamaso pa makasitomala.

"Ninakuuzani twenti-wanu!"

"Munati twenti. Ndinalemba zimene munanena."

"Mufuna kunipanga chipuba, chitsilu, pa banthu chifukwa siniona?"

"Ine sindinapemphe ntchito imeneyi," ndinatero. "Ndinali ndi ntchito yanga."

Ananyamuka kuti atuluke, n'kugunda mpando, n'kugwa ndi bondo. Palibe anaseka. Mnyamata wina anafuna kuwadzutsa, iwo anamukankha. Masiku otsatira tinkalankhulana za manambala basi.

Bambo anga atamva, anabwera kuchokera ku Chawama, atavala mkanjo wawo woyera womwe m'mphepete munali mutada ndi fumbi la m'njira. Kuyambira pa ukwati wathu anali asanakhalepo pansi ndi mkamwini wawo kupitirira moni. Tsiku limenelo anakhala nawo pakhonde nthawi yaitali. Ndinamva akuwauza kuti nawonso maso ayamba kuchita chifunga, ulusi amawalowetsera pa singano ndi mdzukulu. Sanapereke malangizo. Pochoka anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mwamuna ameneyu akuopa. Usamuyankhe pagulu." Ndinakwiya, chifukwa nanenso ndinkaopa, ndipo palibe amene anandifunsa.

Kenako kunabwera apongozi anga aakazi kuchokera ku Kopala. Anafika ndi chikwama chachikulu, zomwe zinandiuza kuti sabwerera msanga. Anandipeza nditakwera pampando ndikusintha nthambo pa swichi, mwana wawo atakhala pansi manja ali pamaondo. Anayang'ana ine, anayang'ana iwo. Madzulo ake ndinawamva akulankhula Chibemba kuchipinda, akuganiza kuti sindimva. Ankati sizachilendo kodi, mwamuna kuchita khungu mkazi n'kutenga bizinesi? Ankati anthu akwathu amadziwa mankhwala. Amuna anga anawakalipira, koma osati mwamphamvu monga ndinkayembekezera.

Apongozi anapeza mneneri wina wopempherera anthu m'kalasi ya sukulu ku Chazanga. Anayamba kupita nawo kumeneko Lamlungu lililonse, kenako ndi pakati pa sabata. Mneneriyo anati khungulo ndi lochita kuponyeredwa ndi munthu wapafupi, ndipo anati jakisoni ndi chizindikiro cha kusakhulupirira. Ndinazindikira mochedwa kuti amuna anga asiya kubaya. Ndinapeza timabotolo ta mankhwala tili tosatsegula mumphika wadothi momwe tinkatisunga kuti tizizizira magetsi akazima.

"Bashi mwana, mwasiya mankhwala?" ndinafunsa amuna anga.

"Nayesa va madokota, diso siibwelela. Lekani niyeseko kwina."

"Dokotala sananene kuti libwerera. Anati tisunge lotsalali."

"Imwe muli na menso yabili. Musaniuze vosunga."

Ndinalira, ndinapempha, ndinaitana mkulu wa mpingo wawo weniweni kuti adzalankhule nawo. Apongozi anati ndikulimbana ndi mapemphero chifukwa ndikudziwa chimene ndinachita. Mwana wathu, amene anali giredi seveni, anayamba kumachedwa kusukulu dala kuti asamve mikangano. M'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe pobisala.

Mvula inayamba tili choncho. Amene anakhalako mu Kanyama amadziwa kuti pansi pake ndi mwala, madzi salowa. Amangokhala, kusakanikirana ndi za m'zimbudzi, n'kulowa m'nyumba. Tinakweza makompyuta pa njerwa ndi matebulo. M'mawa wina, kutagwa mvula ya ziphaliwali, mphunzitsi wamkulu wa kasukulu kaja anabwera atavala majombo, kudzanena kuti intaneti kwawo yafa, ndipo akufunika kutumiza mayina a ana olemba mayeso sabata yomweyo. Anafunsa amuna anga. Iwo anayankha kuti, "Bakazi banga bazabwela."

Tinapita tonse, ine kutsogolo, iwo atagwira phewa langa, madzi ali m'mawondo. Ankaponda pomwe ndawauza. Ku ofesi ya sukulu anandiimiritsa pa kompyuta n'kundiuza kuti ndichite pingi. Pingi ndi kauthenga kakang'ono komwe umatumiza ku adiresi ina kungofunsa ngati ilipo, ndipo ikakhalapo imayankha. Anandiphunzitsa kuyambira pafupi. Ndinayesa kompyuta yomweyo, inayankha. Ndinayesa kompyuta ina ya mu ofesimo, inayankha. Ndinayesa rauta ya ku kafe kwathu, mizere inangobwera yonena kuti nthawi yatha popanda yankho.

"Ndiye kuti vuto ili pakati pa pano na kwathu," anatero. "Ni nthambo ya pa mutenge. Pali pamene ninalumikiza, pamwamba pa nyumba ya ba landilodi. Ninamanga na tepu."

Panalibe wina woti akwere. Ndinavala thalauza la amuna anga mkati mwa chitenje, ndinabwereka makwerero kwa wowotcherera zitsulo, n'kukwera. Malata anali oterera, ena odyeka ndi dzimbiri, ndipo ndinkaponda pa misomali pokha monga anandiuzira, poti ndi pomwe pali mitengo pansi. Azimayi ogulitsa makala anasiya malonda n'kumandiyang'ana. Wina, pofunsa monyoza ngati amuna atha, anafuula kuti, "Mukazi pa mutenge! Bamuna banasila mu komboni?" Anthu anaseka. Amuna anga anaima pansi m'madzi, nkhope itayang'ana kumwamba koma kumbali ina, osati komwe ndinali.

"Mwapeza?"

"Ndapeza. Tepi yamatuka. M'kati muli madzi, timawaya tachita dzimbiri lobiriwira."

"Dulani konse kubili, mutaye mbali yoola. Muike tumitu twatsopano. Osathamanga."

Ndinakhala pa lata lonyowa, pulayala ili pamiyendo, ndikunena mitundu ija chamumtima. Mphepo inkakankha nthambo. Kamutu koyamba ndinakaphonya, kawaya kamodzi sikanafike kumapeto. Ndinadula n'kuyambiranso. Nditamaliza ndinakulunga polumikizapo ndi pulasitiki, n'kupavundikira ndi botolo lodula kuti madzi asalowenso. Titabwerera ku ofesi, pingi inayankha mzere ndi mzere. Mphunzitsi wamkulu anagwira chanza amuna anga n'kuwathokoza kwambiri. Ine anandiuza kuti ndasamba matope kumaso.

Pobwerera amuna anga anandifinya phewa n'kunena kuti, "Mwagwila bwino." Anali mawu abwino oyamba m'miyezi yambiri. Ndinaganiza kuti mwina zinthu zitembenuka.

Sizinatembenuke. Patangopita masabata ochepa anakomoka ali pampando mu kafe, masana, kasitomala akuwalankhula. Tinawanyamula pa wilibala mpaka pamsewu pomwe galimoto ikanafika, chifukwa m'njira zathu munali madzi. Anagonekedwa m'chipatala. Shuga anali atakwera kwambiri, ndipo atatsitsimuka diso lakumanja linkangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Dokotala uja anandifunsa chifukwa chake anasiya mankhwala. Apongozi anali pomwepo. Ndinangoti anatopa nawo. Kunja kwa wodi apongozi anakhala pa benchi n'kulira mokweza, akuitana dzina la mwana wawo laubwana. Sanandipepese, ndipo ine sindinawatonthoze. Tinangokhala pa benchi imodzi. Atatuluka m'chipatala mwana wawo, iwo anabwerera ku Kopala.

Kafe sinakhalitse pambuyo pake. Anthu anali atayamba kuchita zonse pa mafoni awo, magetsi ankazima nthawi yaitali, ndipo chinyezi cha chaka chimenecho chinawononga makompyuta angapo. Kasukulu kaja kanagula karauta kakekake koyendera simu. Tinatsala ndi makina osindikizira basi, kenako tinabweza chipindacho kwa eni nyumba. Tinasamukira ku Mtendere, komwe madzi sasefukira ngati ku Kanyama, m'nyumba ya kuseri kwa msuweni wanga.

Ndinayesa kubwerera ku makina osokera, koma makasitomala anga anali atabalalika, ndipo ku Mtendere matelala analipo kale okwanira. Ntchito yomwe inandipeza inali ya nthambo. Mwini sitolo ya mankhwala uja anauza m'bale wake amene ankatsegula kakiliniki ku Kalingalinga kuti pali mayi wina amalumikiza makompyuta. Kuchoka apo ena anamva. Ndinayamba kuitanidwa m'timaofesi, m'masukulu ang'onoang'ono, m'nyumba zogona alendo.

Poyamba tinkapita awiri. Ndinkawatsogolera pokwera basi, kuwakhazika pampando mu ofesi ya kasitomala, ine n'kumakwawa pansi pa matebulo ndikuwauza zomwe ndikuona. Makasitomala ankalankhula ndi iwo, ngakhale pulayala ili m'manja mwanga. Sindinkadandaula kwambiri, chifukwa pa maola amenewo ankakhalanso munthu uja ndinakwatiwa naye, wofunsa mafunso, woseka rauta yoikidwa kuseri kwa firiji. Koma tsiku lina mlonda wa pageti la ofesi ina anatiimitsa n'kunena kuti opemphetsa saloledwa kulowa. Ndinafotokoza, mlondayo anapepesa, tinalowa n'kugwira ntchito. M'mawa mwake amuna anga anati miyendo ikuwawa, ndipite ndekha. Sanapitenso nane kwina kulikonse.

Masiku ano amakhala pakhomo, pa mpando wapulasitiki pafupi ndi chitseko, wailesi ili pamiyendo. Jakisoni ndimawabaya ndine m'mawa ndisanachoke, madzulo amawabaya mwana wathu. Mapazi ayamba kutupa, ndipo ku kiliniki akuti impso nazo ziyenera kuyang'aniridwa. Pali masiku omwe salankhula ndi aliyense. Pali masiku ena omwe ndikangofika amafunsa kuti ndinapeza zotani, ndipo ndimawafotokozera zonse, kuyambira pa geti mpaka pa swichi. Nthawi zina ndimawafunsa zinthu zomwe ndikuzidziwa kale. Ndikuganiza kuti amazindikira, koma amayankhabe.

Chaka chino maofesi ambiri omwe ndimapitako aikidwa nthambo za mtundu wina, za faiba, zomwe m'kati mwake mulibe waya koma kagalasi kopyapyala ngati tsitsi, kodutsa kuwala m'malo mwa magetsi. Anyamata a kampani ina amene ankaika nthambozi pa sukulu ina anandipatsa kachidutswa kotsala nditawapempha. Ndinabwera nako kunyumba n'kuwaika m'manja. Anakapapasa ndi zala kuyambira uku mpaka uko, anakapinda pang'ono, ine n'kuwachenjeza kuti kamathyoka ndipo kakhoza kubaya.

"Mulibe makala mukati?" anafunsa, akunena mitundu ija ya timawaya.

"Mulibe. Kagalasi kamodzi basi."

"Manje balumikiza bwanji?"

"Ali ndi makina owotcherera magalasi awiri kuti akhale amodzi. Ndinangoonerera, sanandilole kugwira."

Anakatembenuza kachidutswako pa chikhatho. Kenako anandibwezera.

"Ivi sinivizibako," anatero. "Muzafunika kupeza wina wokuphunzitsani."

Ndinawauza kuti ku koleji ina ya ntchito zamanja kuli maphunziro a Loweruka, ndipo ndakhala ndikuganiza zokalembetsa. Anati ndipite. Anafunsa ngati mwana wabwera kuchokera kusukulu, ndinati sanabwere, ndipo anapempha kuti ndiwalowetse m'nyumba chifukwa kunja kunayamba kuzizira.